Thanki yosungira umuna wa ng'ombe, chilimwe chitadutsa

Thanki yomwe gulu lathu la alimi a ng'ombe za mkaka kuno ku Mangochi linagula yapyola nyengo yozizira ndi chilimwe chonse, tsono ndikhoza kunenapo zomwe ndaona ndi maso. Ndi ya malita 20, ya aluminiyamu, ya khosi lopapatiza. Mkati mwake mumakhala nayitrojeni wamadzimadzi wozizira madigiri 196 pansi pa ziro, ndipo timapaipi ta umuna wa nkhunzi, wobereketsera ng'ombe zazikazi, timakhala mmenemo.

Dandaulo loyamba la anzanga linali lakuti nayitrojeni akutha pomwe thanki ili phee pakona. Ena anaganiza kuti yabooka. Ayi ndithu, ndi mmene imagwirira ntchito. Thankiyi ili ngati fulasiki ya tiyi: zipupa ziwiri, pakati pake anachotsapo mpweya. Komabe kutentha kumalowa pang'onopang'ono, makamaka podzera m'khosi, madziwo n'kumasanduka nthunzi. N'chifukwa chake chivindikiro chake n'chokhwepa dala. Lita imodzi imatulutsa mpweya wokwana malita pafupifupi 700, ndiye wina akadzati atseke zolimba pofuna kupulumutsa nayitrojeni, thanki ikhoza kuphulika. Ngakhale matanki akuluakulu a LNG, gasi wachilengedwe wosandutsidwa madzi amene amasungidwa pa madigiri 162 pansi pa ziro, vuto lawo ndi lomweli. Sitima zonyamula gasiyu zimatha kugwiritsa ntchito nthunziyo kuyendetsera injini, ndipo malo ena amaiziziritsanso kuti ibwerere m'thanki. Ife yathu imangouluka basi.

Chimene chandidabwitsa ndi dzuwa la kuno. Tinkaopa kuti mu Okutobala ndi Novembala, pamene paboma pamatentha mpaka munthu kusowa pogona, nayitrojeni adzatha ngati madzi a pamchenga wa kunyanja. Kusiyana kunalipo koma kochepa. Ndipo m'pomveka: kwa chinthu chozizira chotere, kunja kukatentha madigiri 25 kapena 38 sikusiyana kwenikweni. Wakuba weniweni ndi dzanja la munthu. Kutsegulatsegula, kukweza chitini cha timapaipi n'kumasakasaka dzina la nkhunzi, ndi kuyenda nayo panjinga yamoto mumsewu wamabampu, madziwo akukhavukira m'khosi, zimenezi ndiye zimadya nayitrojeni. Pepala lomwe inabwera nalo limati imataya pafupifupi malita 0.1 patsiku, koma imeneyo ndi thanki yosakhudzidwa. Yogwira ntchito imaposa pamenepo.

Poyeza nayitrojeni wotsala timalowetsa kandodo kakuda mpaka pansi, kwa kanthawi kochepa, n'kukatulutsa n'kukagwedeza. Pomwe panafika madzi pamayera mbee ndi chisanu, ndipo timalemba m'kope sabata iliyonse. Kopelo ndi limene lingakuuzeni msanga ngati thanki yayamba kufooka. Chizindikiro china ndi thukuta kapena chisanu kunja kwake, makamaka chakumtunda. Mukaona zimenezo samutsani timapaipi tsiku lomwelo. Yathu mpaka pano kunja kuli gwaa, kouma. Timaiika pathabwa, osati pasimenti, chifukwa chinyontho chimadya aluminiyamu pansi.

Chomwe sindikondwera nacho ndi khosi lomwelo. Limasunga nayitrojeni bwino, koma kutulutsa kapaipi kamodzi osakweza chitini kupyola m'khosi kumafuna dzanja lozolowera, ndipo umuna ukangofunda pang'ono wawonongeka osaonetsa chizindikiro. Mlimi amadzazindikira ng'ombe yake itapanda kutenga bere. Kudzazitsa nakonso n'kovuta, poti nayitrojeni timamutsata ku Blantyre kudzera ku Liwonde ndi Zomba. Paulendowo thanki iime chilili, yomangidwa, kumbuyo kwa pikapu. Musaiike m'galimoto yotseka mawindo, chifukwa mpweyawu sununkha ndipo munthu akhoza kukomoka osadziwa.

Kwa gulu laling'ono lokhala kutali ndi kodzazitsa, ndingagulenso yomweyi. Amene amabereketsa ng'ombe zambiri m'midzi yotalikirana, mpaka ku Namwera, awonjezere kathanki kakang'ono koyenda nako, yaikuluyi izikhala pamalo amodzi.