Kachipangizo kothamangitsa amphaka m'dimba

Amphaka a aneba anandisowetsa mtendere. M'mawa uliwonse ndinkapeza afukula bedi langa la karoti, n'kuchitamo chimbudzi. Ndiye ndinagula kachipangizo kaja kamene kamatulutsa kaphokoso kosamveka kwa munthu mphaka akadutsa kutsogolo kwake. Kamatchajidwa ndi dzuwa, choncho za mabatire palibe.

Sabata ziwiri zoyambirira kunali zii. Kenako chimphaka china chakuda chinazolowera, moti tsiku lina ndinachipeza chikuwothera dzuwa pafupi ndi kachipangizoko, osatekeseka n'komwe! Komanso kamangoona mbali imodzi, kuseri kwa matimati amphaka amadutsa mwaufulu.

Chimene chandithandizadi ndi waya wa khola la nkhuku amene ndinayala pamwamba pa bedilo. Karoti akumera bwinobwino m'mabowo mwake, koma amphaka kukumba kukuwakanika.