Mphaka, tameki, msampha kapena thumba la PICS: iti imateteza banja ku matenda a makoswe?

Chimanga chikangolowa m'nyumba mwezi wa Meyi ndi Juni, nkhani pa Bembeke, ku Mayani ngakhale pa Lizulu imakhala ya makoswe. Wina amati pezani mphaka, wina amati tameki ndiye amamaliza zonse, agogo amalimbikira diwa ndi msampha, alangizi nawo amanena za matumba a PICS ndi nkhokwe zachitsulo. Ambirife poyerekeza njirazi timangowerenga makoswe akufa. Ine ndikufuna tiyeze ndi muyeso wina, anzanga alimi: njira iliyonse imatani nato tizilombo timene khosweyo wasenza m'thupi mwake, timene titha kulowa mwa ana athu?

Adani athu alipo awiri. Khoswe wa kudenga si mbadwa ya kuno. Ofufuza DNA ya makoswe a m'maiko osiyanasiyana anapeza kuti kwawo ndi ku India ndi madera oyandikana nako, ndipo ku gombe la kum'mawa kwa Africa anafikako m'zombo za amalonda, n'kumalowa kumtunda limodzi ndi katundu. Kapuku, uja anyamata amagulitsa pa mpani m'mbali mwa msewu wa M1, ndiye wakuno. Amakhala kumunda, koma tikakolola amatitsatira kunyumba. Onsewa bere lawo silikwana mwezi, ndipo kapuku mmodzi amatha kuswa ana opitirira 10 nthawi imodzi.

Ndiyambe ndi mphaka, chifukwa ndi amene timamukhulupirira kwambiri, komanso ndi amene nkhani yake ili ndi mbali imene sitiidziwa bwino. Pali kachilombo kosaoneka ndi maso kotchedwa Toxoplasma gondii. Anakatulukira mu 1908 ku Tunis, m'thupi la kanyama ka mtundu wa mbewa kotchedwa gundi. Kamakhala mwa makoswe, mbewa, nkhuku, mbuzi, nkhumba ndi anthu, ndipo akatswiri amayerekeza kuti padziko lonse munthu mmodzi mwa atatu anakalandirapo. Mwa zamoyo zonsezi kamangodzigawa, mwana n'kukhala chimodzimodzi kholo lake. Malo okhawo amene kamaikira mazira ndi m'matumbo a mphaka ndi abale ake akutchire. Ndipo pofuna kufika kumeneko kamasokoneza ubongo wa khoswe: khoswe wodwala amasiya kuopa fungo la mkodzo wa mphaka, n'kugwidwa mosavuta.

Mphaka akadya khoswe wotereyu kwa nthawi yoyamba, amatulutsa mazira mamiliyoni m'chimbudzi chake kwa sabata imodzi mpaka zitatu. Mazirawo akakhala panja tsiku limodzi mpaka masiku asanu amakhwima, ndipo m'dothi lonyowa ndi lozizira amakhala amoyo miyezi yambiri, mwina kupitirira chaka. Taganizani tsono za madimba athu a ku Dedza ndi Tsangano, ndi m'mene mphaka amakondera kufukula dothi lofewa la pa nazale kapena mchenga umene ana amaseweretsa. Klorini amene timathira m'madzi sapha mazira amenewa. Chimene chimawapha ndi kuwiritsa.

Kwa munthu wathanzi, kachilomboka kamadutsa mwakachetechete. Amene ndimawadera nkhawa ndi mayi woyembekezera amene wakatenga koyamba ali ndi pakati, chifukwa pakati patha kuchoka kapena mwana kubadwa ndi vuto la maso ndi ubongo, komanso munthu amene HIV yafooketsa chitetezo chake, chifukwa kachilombo kamene kanagona m'ubongo kamadzuka. Bactrim amene amaperekedwa kuchipatala limodzi ndi ma ARV amateteza ku zimenezinso, ndiye musamusiye m'botolo.

Ofufuza atayeza chibadwa cha kachilomboka anapeza zodabwitsa. Ku Ulaya ndi ku North America pafupifupi tonse tinali ta mafuko atatu okha, amene anawatcha Type I, II ndi III. Ku South America, kumene kuli amphaka akutchire amitundumitundu, mafuko ake ndi ochuluka zedi, ndipo ku Brazil matenda a maso ochokera kwa iko amakhala aakulu kuposa ku Ulaya. Kuno ku Africa kuli mafuko akeake monga Africa 1 ndi Africa 3, pamodzi ndi Type II ndi III. Ku Senegal anapeza kuti m'mizinda ya madoko, Dakar ndi Saint-Louis, mwachuluka mafuko ofanana ndi a ku Ulaya, pomwe kumtunda ku Kédougou kwachuluka Africa 1. Zikuoneka kuti makoswe, mbewa ndi amphaka a m'zombo ndiwo anabweretsa achilendowo. Mafuko awiri amasakanizika pokhapokha akakumana m'mimba mwa mphaka mmodzi. Choncho mphaka wa pa golosale, kumene malole amatsitsa matumba ochokera kutali, si mlenje chabe. Ndi pamene mafuko atsopano angabadwire.

Nanga makoswewo amawathadi? Kafukufuku wa m'midzi ya ku Swaziland (lero Eswatini) wofalitsidwa mu 2017 anaonetsa kuti pakhomo pamene pali mphaka yekha makoswe ankadyabe momasuka. Ankachita mantha pamene panali mphaka ndi galu pamodzi. Sindikunena kuti tithamangitse amphaka ayi. Kusisita mphaka si kumene kumapatsira. Koma mayi wapakati asakokole chimbudzi chake, chimbudzicho chikwiriridwe mozama tsiku lomwelo chisanakhwime, kabichi ndi tomato zitsukidwe bwino, ndipo kanyenya apse mpaka m'kati.

Tameki ndiye ine sindimufuna n'komwe pakhomo. Dzina lake la mankhwala ndi aldicarb, ndipo sanapangidwire makoswe. Ndi mankhwala a tizilombo ta m'munda, aukali kwambiri. Amagulitsidwa m'timapepala topanda dzina kapena malangizo, ndipo sasankha: nkhuku, galu, mphaka yemwe uja, ngakhale mwana wokwawa amene watola kachidutswa ka nsima kuseri kwa chitseko. Akale anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka, ndipo khitchini yathu yonse ndi mkhate. Kuwonjezera apo khoswe ndi wochenjera. Amalawa pang'ono, akamva kudwala n'kupulumuka sabwereranso pa nyambo imeneyo. Mumapha opusa, ochenjera n'kutsala akuswana.

Alipo mankhwala ena ovomerezeka, a timibulu tobiriwira kapena tofiira, amene amaletsa magazi kuundana. Khoswe amafa patapita masiku angapo osadziwa chamupha, ndiye nyambo saithawa, ndipo munthu akadya mwangozi achipatala ali ndi vitamini K yothetsera poizoniyo. Amenewa ndi abwinoko kuposa tameki, koma ali ndi nkhani yawo ya chibadwa. Mmodzi wa mankhwalawa, warfarin, atangogwira ntchito zaka zochepa, mu 1958 ku Scotland kunapezeka makoswe osafa naye. Mu 2004 anadziwa kuti chimawapulumutsa ndi kusintha kwakung'ono pa gawo la DNA lotchedwa VKORC1. Mukathira mankhwala chaka ndi chaka, amene ali ndi kusinthaku ndiwo amasiya ana. Mankhwala amphamvu amene anabwera pambuyo pake, monga brodifacoum, amakhalitsa m'chiwindi cha khoswe, ndipo kadzidzi akadya khosweyo naye amafa. Kaya timamuganizira zotani kadzidzi, usiku uliwonse amatiphera mbewa kwaulere.

Vuto lalikulu la poizoni aliyense ndi kumene khoswe amakafera. Amakafera kudenga kapena kuuna, ndipo mtembo ukazizira nthata zake zimachoka kukafuna magazi ena. Umu ndi mmene mliri wa plague, uja wotupitsa mphechepeche ndi m'khwapa, umafikira anthu. Si nthano ya kunja: ku Nsanje unabuka mu 2002. N'chifukwa chake azaumoyo pa mliri wotere amayamba apha nthata asanaphe makoswe. Ndipo kwa ife okonda mbewa, ndani angasiyanitse pa mpani kapuku wokumbidwa ndi kapuku amene anadya nyambo?

Msampha uli ndi ubwino umene mphaka ndi poizoni alibe: mtembo umakhala m'manja mwanu. Mumaunyamula ndi jumbo kapena fosholo, osati dzanja, n'kuutentha kapena kuukwirira, ndipo tizilombo ta m'kati mwa thupi lake tathera pomwepo. Osaponyera mphaka, chonde, chifukwa pamenepo mwamaliza nokha ulendo wa kachilombo kaja. Kuipa kwake ndi thukuta. Uyenera kutcheredwa motsatira khoma madzulo aliwonse ndi nsinjiro kapena kausipa, n'kuonedwa m'mamawa. Ndipo nyumba imodzi yokha siphula kanthu, popeza makoswe a kwa aneba amadzalowa m'malo mwa akufawo. Nkhani imeneyi ndi yokambirana kwa amfumu, kuti mudzi wonse utchere nthawi imodzi.

Kusunga mbewu motseka ndi kumene ndingayambire ndalama ikakhala yochepa, ndipo chifukwa chake si njala yokha. Khoswe amakhalanso ndi njoka ya m'mimba yaphanthiphanthi yotchedwa Hymenolepis diminuta, imene imatalika masentimita 20 mpaka 60. Mazira ake amatuluka ndi ndowe za khoswe, tizilombo tofumbwitsa ufa ndi chimanga timadya mazirawo, kenako mwana amameza kachilomboko osadziwa m'chakudya chosapsa bwino. Kuti njokayi ifike kwa munthu pamafunika zonse ziwiri, khoswe ndi chofumbwitsa, ndipo thumba la PICS limalimbana ndi chachiwiricho. Lili ndi mapulasitiki awiri m'kati ndi saka kunja; mukamanga bwino mpweya umatha, tizilombo n'kufa popanda mankhwala. Khoswe atha kuliboola, choncho likhale pa thandala, lotalikirana ndi khoma. Nkhokwe yachitsulo ndiye khoswe saithyola n'komwe, kungoti mtengo wake umafuna kusonkherana pa kalabu. Zonsezi zimafuna chimanga chouma gwa, apo ayi chichita chuku.

Njokayi ili ndi mbale wake wamng'ono, Hymenolepis nana, amene amapezeka mwa ana kawirikawiri kuposa mnzakeyu. Kale ankati naye amachokera kwa mbewa, koma ofufuza ku Australia atayerekeza DNA anapeza kuti wa mwa anthu ndi wosiyana ndi wa mwa mbewa. Wa mwa anthuyu amayenda kuchoka kwa mwana kupita kwa mwana kudzera m'manja osasamba, ndiye ngakhale mutapha makoswe onse pa mudzi, sopo ndi chimbudzi zikufunikabe. Njoka zonse ziwiri zimafa ndi praziquantel, mankhwala omwe aja a likodzo.

Mbatatesi ndiye sitingaitsekere m'pulasitiki, imafuna mpweya, ndipo kuno kwathu ndi imene imadzaza zipinda. Pamenepo thandala likhale lalitali, cha m'ma mita imodzi, miyendo yake muiveke malata opindidwa ngati chipewa choyang'ana pansi kuti khoswe asakwere, udzu wozungulira nyumba ulambulidwe, ndipo misampha itcheredwe pansi pake kuyambira tsiku limene mbatatesiyo yalowa.