Timibulu, mphutsi zouma kapena zamoyo: chule wanu adye chiyani?

Anzanga oweta achule akhala akundifunsa za chakudya chogula m'mabotolo, monga timibulu (ma pellet), ndiye ndati ndiyankhe onse pamodzi. Nkhani imayambira pa mtundu wa chule. Achule okhala m'madzi moyo wawo wonse, monga Xenopus ndi Hymenochirus, alibe lilime ndipo amapeza chakudya ndi fungo, choncho timibulu tomira amadya bwinobwino. Achule a m'mitengo amafuna chinthu choyenda. Mukawaikira timibulu m'mbale, tichita nguwi iwo akungotiyang'ana.

Timibulu ndi tomwe tinandikhumudwitsa kwambiri. Ndinagulapo botolo lina lokhala ndi chithunzi cha chule wonenepa, koma kumbuyo kwake choyamba kulembedwa chinali ufa wa tirigu, chachiwiri soya, nsomba ili kumapeto. Zosakaniza amazilemba motsatira kulemera kwake, ndiye chomwe chili patsogolo ndicho chadzaza botolo. Chule wamkulu ndi wodya nyama. Tirigu akamuthandiza chiyani?

Choipa kwambiri chinali m'madzi. Timibulu timeneti tinkayandama kaye, achule ali pansi osatiwona, kenako n'kusungunuka. Pofika m'mawa madzi anali mbuu, pansi pa thanki pali matope oterera. Chakudya chowola chimatulutsa poizoni wotchedwa amoniya, ndipo chule samwa madzi ndi pakamwa, amayamwa kudzera pakhungu. Ndiye chilichonse choipa m'madzimo chimalowa m'thupi mwake. Ndinawona achule anga akungokhala pamwamba osafuna kudya, ndipo ndalama zomwe ndinkaganiza kuti ndapulumutsa zinathera pa mankhwala ochotsa klorini, poti ndinkasintha madzi pafupipafupi. Mpaka lero ndikawona botolo loyamba ndi tirigu mtima umandiwawa.

Timibulu tabwino tilipo ndithu. Timayamba ndi nsomba, shrimp kapena tizilombo, timamira msanga ndipo sitisungunuka chisawawa. Yang'ananinso mankhwala osungira chakudya: ethoxyquin, yemwe ankathiridwa mu ufa wa nsomba, European Union inaimitsa chilolezo chake mu 2017, ndipo ine ndikamuwona ndimalibweza botololo. Mukatsegula, mavitamini amayamba kutha mphamvu, choncho botolo laling'ono ndi labwino kuposa lalikulu lokhalitsa chaka.

Mphutsi zofiira zouma, zija za bloodworm, achule amazikonda koma sizokwanira pazokha, ndipo zimafufuma zikalowa madzi. Zinyikeni kaye musanawapatse. Zoundana mufiriji ndi zabwinoko, bola zikasungunuka musazibwezerenso.

Kwa achule a pamtunda, zamoyo sizipeweka, koma nazonso zili ndi msampha wake. Nkhululu zili ndi fosiforasi wambiri kuposa kashiamu. Chule wodya nkhululu zokhazokha mafupa ake amafewa, chibwano chimapindika, miyendo n'kuyamba kukhota. N'chifukwa chake timazidyetsa bwino nkhululuzo tsiku limodzi kapena awiri zisanadyedwe, n'kuziwaza ufa wa kashiamu wokhala ndi vitamini D3. Vitamini A akasowa, lilime limasiya kumata, mumawona chule akuponya lilime koma kachilombo osagwidwa. Nyongolotsi ndimazikonda kuposa nkhululu, bola zichokere m'dothi losathiridwa mankhwala. Ziphaniphani musayese n'komwe, zili ndi poizoni. Tinsomba ta goldfish nato tili ndi chinthu chowononga vitamini B1.

Kwa ine, chule wa m'madzi adye timibulu tomira toyamba ndi nyama, nyongolotsi zodulidwa n'kumawonjezera apo ndi apo. Wa pamtunda adye zamoyo zowazidwa kashiamu, ndipo chakudya cha ufa chokandira m'madzi ndimachivomereza kwa chule wa kukamwa kwakukulu wotchedwa Pacman yekha, wozolowera kulandira chakudya pa kopanira. Chotsala m'thanki chichotseni akangomaliza kudya, ndipo sambani m'manja ndi sopo, chifukwa achule amatha kunyamula tizilombo ta salmonella.