Nyambo zowedzera Murray cod: spinnerbait, hardbody kapena swimbait?

Chitsegukireni nyengo yowedza pa 1 December, anzanga atatu andifunsa funso limodzimodzi: tigule nyambo iti ya Murray cod, nsomba yaikulu ya m'mitsinje ndi m'nyanja za kuno ku Australia? Ndiyankhe kamodzi pano, kuyambira ndi imene inandipweteka.

Chaka chatha ndinagula swimbait, nyambo yaikulu yooneka ngati nsomba yeniyeni, yosambira mopindikapindika. Wogulitsa anaitama kwambiri, koma sanandiuze kuti ndodo yanga singathe kuiponya. Nyambo yolemera chonchi imafuna ndodo yolimba, reel (chokulungira chingwe) yaikulu ndi chingwe chokhuthala. Zonsezi ndinakagula sabata yotsatira, ndipo zinandidyera ndalama zoposa mtengo wa nyamboyo katatu. Kenako ndinapita nayo ku Lake Mulwala, pafupi ndi Yarrawonga. Amene munafikako mukudziwa kuti nyanjayi ndi nkhalango yomira: mitengo youma ili njo m'madzi, pansi pali zitsa zokhazokha. Nditaponya kachisanu, mbedza zake za mano atatu zinaluma chitsa. Ndinazungulira ndi bwato, ndinatsitsa chokowera nyambo, ndinalimbana nayo theka la ola mpaka chingwe chinaduka. Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti wogulitsayo ndinamuuza kumene ndikupita, iye n'kungolandira ndalama.

Vuto lake ndi ili. Murray cod siyendayenda pamtetete. Imabisala pansi pa thunthu la red gum (mtundu wa bulugamu) logwera m'madzi, monga amachitira mlamba m'mauna kwathu, n'kumadikira chakudya chidutse pamphuno pake. Nyambo yanu ikapanda kukhudza mtengo, nthawi zambiri nsombayo siituluka. Ndiye musanayang'ane kukongola kwa nyambo, dzifunseni ngati ingalowe m'zitsa n'kutulukamo.

Apa m'pamene spinnerbait, nyambo ya waya wopindika wokhala ndi mbedza ndi timasupuni tonyezimira, imaposa zinzake zonse. Mbedza yake imaloza kumwamba ndipo waya wakutsogolo amaiteteza, choncho imakwera pamwamba pa nthambi m'malo mokodwa. Mumaiponya kuseri kwa chitsa, kuisiya imire, kenako kukoka pang'onopang'ono, mongokwanira kuti timasupuni take tizizungulira. Ikagunda mtengo musaithawitse, imani kaye pang'ono, chifukwa cod imakonda kugwira nyambo ikamatsika. Chitsa chimodzi chiponyereni kangapo mbali zosiyana musanachoke. Ine ndimagwiritsa ntchito za Bassman, zopangidwa ku Australia konkuno, ndipo sindibisa kuti ndimazikondera. Ikatayika imodzi mtima suwawa, m'bokosi mumakhala inzake.

Hardbody, nyambo ya thupi lolimba yokhala ndi mlomo kutsogolo, monga StumpJumper, ndi yachiwiri kwa ine. Mlomo wake wautali ndi umene umayamba kugunda mtengo, ndipo mukamasula chingwe imayandama n'kudzichotsa yokha. Pokoka nyambo kumbuyo kwa bwato loyenda pang'onopang'ono, motsatira khwawa lakale la mtsinje, palibe yoiposa. Koma poponya pakati pa nthambi zothinana imakodwa kawirikawiri kuposa spinnerbait.

Nyambo zoyenda pamwamba pa madzi n'za mbandakucha ndi chisisira basi. Cod ikaimenya mumamva "buu!" ngati munthu waponya chimwala m'madzi, ndipo ambiri amakoka ndodo nthawi yomweyo n'kulanda nyambo m'kamwa mwa nsomba. Dikirani mpaka mumve kulemera. Zimaphonya kwambiri, koma imodzi yokha khalani nayo.

Nanga swimbait ilibe ntchito? Ili nayo, koma osati m'zitsa za Mulwala kapena za mtsinje wa Murray. Malo ake ndi madamu akuluakulu monga Copeton, kufupi ndi Inverell, m'nyengo yozizira, kumene anthu amasakako cod zopitirira mita imodzi ndipo amalolera kuponya tsiku lonse osagwira kanthu. Ngati mwangoyamba kumene, ndalama zimenezo zisungeni.

Musaiwale malamulo. M'zigawo za New South Wales ndi Victoria mumaloledwa kutenga cod ya pakati pa masentimita 55 ndi 75 yokha, zina zonse muzibwezere m'madzi. Kuyambira 1 September mpaka 30 November kuwedza cod kumatsekedwa kuti nsomba ziswane, ngakhale Copeton ndi Lake Eildon zimakhala zotsegula chaka chonse. Ndipo Mulwala, ngakhale mulowere mbali ya Victoria, imafuna laisensi ya New South Wales.

Kwa anzanga atatu aja: gulani ma spinnerbait atatu, StumpJumper imodzi ndi chokowera nyambo, tikakumane ku Yarrawonga Loweruka m'mamawa.