Sola ya 100W ya m'masitolo a ku Salima: kodi imkwanira mlendo wakunja wokhala kumudzi?

A Peace Corps, anthu ogwira ntchito mongodzipereka ochokera ku America, anayamba kubwera m'dziko muno mu 1963, anzawo a ku Japan mu 1971, ndipo lero si zachilendo kupeza mzungu akuphunzitsa pa CDSS ya kumudzi, akuthandiza pachipatala chaching'ono kapena akufufuza za nsomba ndi mpunga m'mbali mwa nyanja. Ambiri amakhala chaka chimodzi kapena ziwiri m'nyumba ya aphunzitsi kapena ya lendi. Ku Nanjoka kuli malo opangira magetsi a dzuwa a 60MW amene anatsegulidwa mu 2021, koma magetsi akewo amalowa mu mawaya a ESCOM, ndipo nyumba zambiri za kwa Khombedza, kwa Mwanza kapena kwa Ndindi mawayawo sanazifike. N'chifukwa chake chinthu choyamba chimene mphunzitsi wamkulu, mlangizi wa zaumoyo kapena mwini nyumba amafunsidwa ndi mlendo wake n'chakuti, laputopu nditchajira pati?

Yankho la m'masitolo a hadiweya a pa Kamuzu Road ndi pa boma, ngakhalenso ku Nkhotakota ndi ku Dwangwa, ndi seti imene ogulitsa amati ndi yokwanira zonse: panelo ya 100W, batire, regyuleta (kachipangizo kolamulira magetsi olowa ndi otuluka m'batire), inveta ya 300W (yosandutsa magetsi a batire kukhala ngati a ESCOM), mababu atatu ndi mpukutu wa waya. Maganizo athu ndi akuti setiyi ndi yoyenera kugula, pakuti kukula kwake kukugwirizana ndi moyo wa munthu mmodzi kumudzi. Koma musaitenge momwe yamangidwira. Panelo nthawi zambiri imakhala bwino, regyuleta ndi yopiririka, batire ndi waya ndiye pamene pagona vuto.

Tiyambe ndi masamu, chifukwa ogulitsa sawanena. Panelo ya 100W sipereka 100W tsiku lonse. Kunyanja kuno dzuwa lamphamvu ndi la maola pafupifupi asanu, ndipo mukachotsa zotayika chifukwa cha kutentha, fumbi ndi mawaya, mumakolola pafupifupi 350Wh patsiku lopanda mitambo (Wh ndi ma W kuchulukitsa ndi maola). Tsopano onani za mlendo wanu. Mababu atatu a 3W oyaka maola anayi ndi 36Wh. Foni ndi pawabanki, 30Wh kapena kuposerapo pang'ono. Laputopu yotchajidwa kawiri kudzera pa inveta, pafupifupi 150Wh. Fani ya 12V ya 15W yozungulira maola asanu ndi atatu usiku, 120Wh. Zonse pamodzi zafika kale pa 336Wh. Ndiye kuti m'chilimwe seti ikungokwanira ndendende, popanda chotsala, ndipo mu Januwale ndi Febuluwale, mitambo ikatenga masiku atatu, zokolola zimatsika kufika theka kapena kucheperapo. Mwayi wake ndi woti nthawi ya mvula ndi ya mwera fani safunika kwambiri. Ngati mlendo amagwira ntchito pa laputopu tsiku lonse, muuzeni asavutike ndi 100W, ayambire pa 200W.

Za panelo, chenjerani ndi pepala lomata kumbuyo. Pali mapanelo olembedwa 150W pomwe kukula kwake ndi kwa 80W. Ya 100W yeniyeni imakhala pafupifupi mita imodzi m'litali ndi kupitirira pang'ono theka la mita m'lifupi. Pitani ndi mmisiri wa magetsi amene ali ndi mita yoyezera, itulutseni panja masana, muyeze isanalumikizidwe ku chilichonse. Iyenera kuonetsa pakati pa 21V ndi 22V, ndipo mukayeza mphamvu yake dzuwa lili paliwombo ifike pakati pa 5A ndi 6A. Ikangopereka 3A, si ya 100W, kaya pepala likunena chiyani. Wogulitsa wokana kuti muyeze, msiyeni, masitolo ndi ambiri.

Batire la mu seti kawirikawiri limakhala la galimoto, N50 kapena N70. Batire la galimoto linapangidwa kuti lilize injini kwa masekondi ochepa kenako lidzazidwe nthawi yomweyo. Mapuleti ake ndi opyapyala, ndipo likamatsitsidwa usiku uliwonse silimaliza n'komwe chaka. Funsani batire la sola lolembedwa deep cycle, lopirira kutsitsidwa tsiku ndi tsiku, la 100Ah (Ah ndi muyeso wa magetsi amene batire limasunga). Njira yachidule yodziwira lenileni ndi kulinyamula: la 100Ah limalemera pafupifupi makilogalamu 28 mpaka 30, ndiye ngati mwana wa sukulu akulinyamula ndi dzanja limodzi, mulibe mtovu wokwanira. Batire la 12V 100Ah limasunga 1,200Wh, koma zololedwa kugwiritsa ntchito ndi theka, 600Wh. Mukamalitsitsa kupitirira apo tsiku ndi tsiku, mapuleti amachita zoyera zouma zimene sizisungunukanso, ndipo batire limayamba kudzaza msanga n'kutha msanga. Chizindikiro chake ndi chomwecho: regyuleta ikuonetsa kuti ladzaza nthawi ya 10 m'mawa, koma 8 koloko usiku mababu azima.

Kutentha kwa Salima ndi Nkhotakota kumawonjezera vutoli. Mabatire a mtovu amayezedwa pa madigiri 25, ndipo kutentha kukakwera ndi madigiri 10 moyo wake umadulidwa pafupifupi theka. M'nyumba ya malata yopanda siling'i, mu Okutobala ndi Novembala, madigiri 35 ndi chinthu cha tsiku ndi tsiku. Choncho batire liikidwe pansi, pathabwa, m'chipinda cha mbali yozizira, chodutsa mphepo. Lisakhale kuchipinda chogona ngati lili lothira madzi, ndiponso litalikirane ndi mbaula ndi kandulo, pakuti likamadzaza limatulutsa mpweya woyaka. Madzi ake aziyang'anidwa mwezi uliwonse, nthawi yotentha milungu iwiri iliyonse, ndipo othiramo ndi madzi a batire ogula m'botolo basi. A pamjigo ali ndi mchere ndi laimu zimene zimapha mapuleti, ndipo asidi sawonjezeredwa. Amene ali ndi ndalama agule la lithium la mtundu wa LiFePO4. La 50Ah limapereka pafupifupi zofanana ndi la mtovu la 100Ah, silifuna madzi, ndipo limapepuka kunyamula pa kabaza. Koma regyuleta yake ikhale yodziwa lithium.

Regyuleta ya mu seti ndi ya mtundu wamba wotchedwa PWM, ya 10A kapena 20A, ndipo pa panelo imodzi ya 100W imagwira bwino. Zina zimalembedwa MPPT, dzina la mtundu wodula, koma zili zopepuka ngati bokosi la machesi, zimenezo ndi PWM yomweyo, musalipire mtengo wowonjezera. Chofunika kusintha ndi malire amene imazimitsira mababu. Zambiri zimabwera zitatcheredwa pansi pa 11V, pamene batire latheratu. Kwezani afike pa 11.8V kapena 12.0V. Mlendo mumuphunzitse kuwerenga nambala ya pa regyuleta m'mawa dzuwa lisanatuluke, zonse zitazimitsidwa: 12.6V kapena 12.7V ndi lodzaza, 12.2V ndi theka, pansi pa 12V ndiye kuti dzulo anadya mopitirira ndipo lero fani ndi laputopu zipume.

Polumikiza, dongosolo lake silisintha. Batire ku regyuleta poyamba, kenako panelo, mababu pomaliza. Pomasula muyambire kumapeto, panelo ichoke batire lisanachoke. Mukayamba ndi panelo dzuwa likuwala, regyuleta imalandira 21V popanda kokatula ndipo zina zimapsa pomwepo. Inveta isalumikizidwe pa timabowo ta mababu ta regyuleta, ipite ku batire mwachindunji, chifukwa ya 300W imakoka mpaka 30A.

Waya wa mu seti ndi uja wofiira ndi wakuda wa masipika. Musamugwiritse ntchito. Pa 12V waya wopyapyala amadya magetsi panjira ndipo amatentha. Kuchokera pa panelo kufika pa regyuleta gulani wa 4mm, ndipo mtunda usapitirire mamita asanu. Wa mababu akhale wa 1.5mm, wa inveta wa 6mm kapena 10mm, waufupi wosapitirira mita. Fyuzi mu seti simukhala, koma ndi yofunika kuposa zonse: ya 15A pa waya wofiira wopita ku regyuleta, ya 40A pa wa inveta, zonse pafupi ndi mutu wa batire. M'denga la kumudzi makoswe amatafuna mawaya, ndipo mawaya awiri osendeka akakhudzana popanda fyuzi batire limawafiiritsa ngati makala. Pa nyumba ya udzu zimenezi ndi moto. Mawaya adutse m'mapaipi a pulasitiki.

Inveta ndi yapakatikati. Laputopu imatchaja, ngakhale tchaja chimatentha kuposa nthawi zonse, ndipo fani ya magetsi a ESCOM imalira n'kumazungulira mofooka. Choipa chake chachikulu n'chakuti imadya magetsi ngakhale palibe cholumikizidwa, pafupifupi 6W, amene pa maola 24 ndi 144Wh, kuposa fani ya usiku wonse. Izimitsidwe ikangotha ntchito. Mafoni atchajidwe pa USB ya regyuleta, fani ndi mababu zikhale za 12V. Ketulo, ayironi, hotipuleti ndi chowumitsira tsitsi zimafuna 1,000W kapena kuposa, siziyenera kuyandikira n'komwe. Tiyi ndi wa pambaula, zovala ndi za ayironi ya makala. Alendo ochokera ku America ayang'ane pa tchaja chilichonse ngati palembedwa 100-240V, chifukwa kwawo ndi 120V pamene inveta ya kuno imatulutsa 220V mpaka 230V.

Panelo iyang'ane kumpoto, itapendekeka pafupifupi madigiri 15, chifukwa tili kumwera kwa equator. Isagone pamalata penipeni. Siyani mpata wa masentimita 10 kuti mphepo izidutsa pansi, pakuti panelo ikatentha mphamvu imatsika. Owotcherera a pa tredin'gi senta akupangireni fulemu ya ayironi yomangidwa ndi mabawuti olowa mu phaso, osati mawaya kapena miyala yotsamiritsa. Mwera wa Juni ndi Julaye umanyamula panelo yomangidwa mwachibwana, ndipo fulemu imachedwetsanso wakuba. Pa denga la udzu, imikani mlongoti pabwalo, wachitsulo ngati n'kotheka chifukwa cha chiswe. Mthunzi wa nthambi imodzi ya mango pa ngodya ya panelo umagwetsa mphamvu ya panelo yonse, choncho onani malowo m'mawa, masana ndi madzulo musanakhome. Kupukuta ndi kamodzi pamlungu m'nyengo ya fumbi ndi utsi wa lupsa, komanso tsiku lililonse lotsatira nkhungu zikatuluka m'nyanja n'kumatirira pagalasi. Pukutani m'mawa ndi nsalu yofewa, galasi lisanatenthe.

Pali china chimene chimapha mabatire ambiri kuposa kutentha, ndipo sitolo singakuuzeni. Panelo ikangooneka padenga, pakhomo pamayamba odi. "Ndimati munditchajireko, achimwene, yangozima." Mlendo sanadziwe kukana kwa kuno, amaopa kuoneka woumira, ndiye amalandira. Foni iliyonse ndi 10Wh mpaka 15Wh, ndipo mafoni khumi amatha kufika 150Wh, pa seti imene tinaona kuti ilibe chotsala. Kukana onse nakonso si bwino, pakuti anthu omwewo ndi amene amamtungira madzi, kumusonyeza njira ya kumsika ndi kumuyang'anira nyumba akapita ku Lilongwe. Apa mpamene inu omulandira muyenera kulowererapo mlungu woyamba. Gwirizanani kuti a pabanja la eni nyumba ndi oyandikana nawo awiri kapena atatu azitchaja, ndipo nthawi yake ikhale kuyambira 11 koloko mpaka 2 koloko masana pa tsiku ladzuwa, pamene batire lili pafupi kudzaza ndipo panelo ili ndi mphamvu yotsala. Usiku ayi. Mawuwa awanene mwini nyumba kapena mphunzitsi wamkulu, osati mlendo. Kumbukiraninso mnyamata wa barbershop amene amadya za kutchaja mafoni. Mlendo akamatchajira mudzi wonse ulere wamulanda nsima, ndipo nkhani yake imafika kwa amfumu.

Pamaliro anthu adzabwera kudzapempha kuwala kwa pasiwa, ndipo pempho limenelo silikanidwa. Koma batire lisachoke m'nyumba, chifukwa kumasula ndi kumanga usiku ndi kumene kumapsereza regyuleta. Mlendo agule nyale ziwiri zazing'ono za sola zonyamula pamanja, zikhale zobwereketsa pamaliro, pa odwala ndi kwa ana a Fomu 4 nthawi ya mayeso, ndipo iye mwini apite nazo kukakhala nawo pamaliropo.

Poyerekeza ndi maseti olipira pang'onopang'ono pa Airtel Money kapena Mpamba, seti ya m'sitolo imapambana chifukwa imatchaja laputopu ndipo chilichonse chikawonongeka mumasintha chokhacho. Olipira pang'onopang'onowo ndi abwino kwa wofuna mababu, foni ndi wailesi basi, ndiponso savuta kusamala. Mitengo sitiitchula, pakuti chichokereni kutsika kwa kwacha kwa 44 peresenti mu Novembala 2023 imasintha pafupipafupi. Funsani masitolo atatu, ndipo risiti ilembedwe dzina la batire, ma Ah ake ndi miyezi ya chitsimikizo. Ponyamula pa matola batire liime chilili kuti asidi asatayike, panelo ikulungidwe m'katoni ndipo igwiridwe pamanja, isasanjikizidwe ndi matumba a mpunga.

Mlendo ndi mame, zaka ziwiri sizichedwa, ndipo seti imatsala. Mwini nyumba amati ili padenga lake, komiti ya sukulu imati mlendo anabwerera sukulu, amene ankagwira naye ntchito amati anamulonjeza. Lembani papepala tsiku loikira kuti seti ndi ya yani ndipo idzapita kwa yani, asayine mlendo, mwini nyumba ndi mboni ya kwa amfumu kapena ya komiti. Wolandirayo adziwiretu kuti panelo ikhoza kugwira zaka makumi awiri, koma batire la mtovu lomwe latumikira zaka ziwiri m'kutentha kwa kunyanja latsala pang'ono kutha, ndipo ayambe kusunga ndalama ya lina.