Ndemanga yanga pa kanyumba kobwereketsa mabuku ka ku Area 25

Patha miyezi isanu ndi iwiri chiyambireni kubwereka mabuku pa kanyumba kena kamene kali chakuseri kwa msika wa Nsungwi ku Area 25, ndipo ndaona kuti ndi bwino ndifotokozere ophunzira anzanga zimene ndapezako, zokoma ndi zosakoma zomwe. Ine ndili chaka chachiwiri pa sukulu ina ya ukachenjede muno mu Lilongwe, ndimakhala ndi azakhali anga, ndipo kandalama kamene amandipatsa pa sabata kamathera pa minibasi, sopo ndi mayunitsi. Kugula buku latsopano longowerenga pofuna kusangalala kunandikanika kalekale, makamaka kuchokera mu Novembala 2023 pamene kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, katundu yense wochokera kunja n'kukwera mtengo nthawi imodzi.

Mwini kanyumbaka ndi bambo wachikulire amene anapuma pa ntchito ya uphunzitsi, ndipo aliyense, ngakhale amayi ogulitsa tomato pafupi pomwepo, amangowatchula kuti Aphunzitsi. Dongosolo lawo ndi losavuta. Munthu umasonyeza chiphaso cha kusukulu, amakulemba m'kaundula wawo wa chikuto cholimba, umalipira kamodzi pa mwezi pamanja kapena pa foni, kenako umaloledwa kutenga mabuku awiri kwa sabata imodzi. Ndalama yake siifika pa imene ndimalipira minibasi kupita ku Old Town ndi kubwerako.

Chimene chinandigwira mtima ndi shelefu ya mabuku a Chichewa, imene ili kudzanja lamanja munthu ukangolowa. Pali timabuku ta ndakatulo, nthano, miyambi, zilapi ndi nkhani zazifupi, ndipo ambiri ndi akale ndithu, mapepala ake anafiira ngati fodya wouma. Ena anasindikizidwa ku Nkhoma, ena ku Likuni, malo amene tonsefe timangowadziwa chifukwa cha matchalitchi ndi zipatala, osaganizako kuti kunkatulukanso mabuku amene makolo athu anaphunzirira kuwerenga. Pashelefu pomwepo ndi pamene ndinayamba kugwira ndi manja anga buku la Nthondo la Samuel Josia Nthara, lomwe linatuluka koyamba mu 1933, ndipo ndinadabwa kuona kuti nkhani yolembedwa agogo anga asanabadwe ikundikoka mpaka kuiwala ndiwo pamoto.

Wophunzira amene akukonzekera mayeso a MSCE achenjere ndi chinthu chimodzi. Mabuku ena akalewa analembedwa chinenerochi chikadatchedwa Chinyanja, chisanakhale chinenero cha fuko mu 1968, komanso bungwe la Chichewa Board lisanatulutse malamulo a kalembedwe mu 1973. Choncho mupezamo "cimanga" m'malo mwa "chimanga" ndi "nchito" m'malo mwa "ntchito". Mng'ono wanga wa Folomu 4 anayamba kutengera kalembedwe kameneka m'chimangirizo chake, ndipo Aphunzitsi ndi amene anazindikira msanga atamuona akulemba. Anakhala naye pansi pafupifupi theka la ola akumusiyanitsira zakale ndi zatsopano, osamulipiritsa kanthu.

Zowerenga zopepuka nazo zilipo zokwanira. M'katoni ina pansi pa tebulo muli magazini akale a Moni, nyuzipepala za Boma Lathu ndi timabuku ta Chingerezi ta nkhani zachikondi ndi zaupolisi, timene timatha usiku umodzi. Izi ndimatenga ndikatopa ndi zolemba za m'kalasi, ndipo sindichita nazo manyazi, pakuti mutu umene wakhala tsiku lonse ukulimbana ndi masamu umafunanso poupumulira.

Koma chokoma koposa pamalopa chimachitika Loweruka masana. Cha m'ma 2 koloko Aphunzitsi amatulutsa mabenchi awiri n'kuwaika pamthunzi wa mtengo wa mango umene uli pakhomo, ndipo amene wabwera kudzabweza buku amapemphedwa kulakatulako ndime imodzi kapena ziwiri asanatenge lina. Poyamba ndinkawerenga mothamanga, maso ali papepala, ngati ndikuwerenga chidziwitso cha pa bolodi. Tsiku lina ndinasankha ndakatulo yonena za mayi amene akusinja chimanga m'bandakucha, ndipo ndisanamalize ndime yoyamba Aphunzitsi anakweza dzanja. "Mwana wanga, kodi unasinjapo?" Ndinayankha kuti, "Inde, Aphunzitsi, kumudzi ndinkasinja." Iwo anati, "Ndiye uwerenge monga umagwera musi mumtondo, upume pamene wosinja amapumira." Nditabwereza, mizere imene ndinkaiona ngati yongolumikizika inayamba kugunda yokha, ndipo mtsikana wina wa ku pulayimale amene anakhala pafupi nane anayamba kumenya bondo lake ndi chikhatho motsatira mawuwo, iye osadziwa n'komwe. Kuyambira tsiku limenelo ndakatulo sindiiwerenganso chamumtima. Ndimadikira azakhali amalize kumvera nkhani pa wailesi, kenako ndimawalakatulira tili pakhonde, ndipo iwo amandikonza ndikatchula mawu ena molakwika kapena amandimasulira chining'a chimene chandipita pambali.

Za ulemu nazo ndiyenera kunenapo, chifukwa ena zimawakhumudwitsa tsiku loyamba. Aphunzitsi salola munthu kulowa osaodira, ndipo salankhula ndi wina amene ali ndi timahedifoni m'makutu. Ine ndinafika tsiku loyamba ndili pa changu, ndinatchula buku limene ndinkafuna, n'kutambasula dzanja limodzi lina lili pa foni. Iwo anangoligwira bukulo osalisiya, n'kunena mofatsa kuti, "Mwana wanga, tiyambe tapatsana moni, ndipo chinthu cha wamkulu amalandira ndi manja awiri." Ndinapepesa, ndinaika foni m'chikwama, ndinanyonyomala pang'ono monga anandiphunzitsira mayi anga, ndipo nkhani inathera pomwepo, sanaikumbutsenso. Malamulo awo pa buku lenilenilo ndi a mtundu womwewo, akuti osapinda ngodya ya tsamba, osanyowetsa chala ndi malovu potsegula, osadyera mandasi pamwamba pake, komanso osabwereketsa mnzako buku limene walembetsa m'dzina lako. Amadula timapepala ta makatoni a sopo kuti tizisungira pamene talekezera. Ine ndikuona kuti zimenezi n'zoyenera, popeza buku limodzi limadutsa m'manja ambiri ndipo lina lolowa m'malo mwake kulibe.

Ali ndi timabuku tingapo tofotokoza mwambo, monga kalandiridwe ka alendo, kakhalidwe ka pamaliro ndi kayankhulidwe ndi apongozi. Ndawerengako tiwiri, ndipo tandithandiza pa zinthu zimene mwana wokulira m'tauni amazengereza kufunsa, monga mawu oyenera kunena kwa anamfedwa ukafika pa siwa. Komabe si zonse zimene ndinagwirizana nazo. Malangizo ambiri opita kwa mtsikana ndi oti akhale chete ndi kuyang'ana pansi, pamene kusukulu amafuna kuti ndiime pamaso pa anthu n'kufotokoza maganizo anga momveka. Nditawauza Aphunzitsi zimenezi sanakwiye, anangondipempha kuti ndilembe maganizo angawo m'kope limene lili pa tebulo, mmene obwereka amalembamo ndemanga zawo, ndipo sabata yotsatira ndinapeza atsikana awiri atayankhapo pansi pake.

Zodandaula zilipo, ndipo sindizibisa. Denga la kanyumbaka limadontha pakona imodzi, moti mvula ya mu Januwale inanyowetsa shelefu yam'munsi, mabuku ena anachita chuku ndipo mpaka lero amanunkha chinyezi. Chinandipweteka kwambiri ndi buku lina la nkhani yaitali limene ndinaliwerenga masiku anayi, kufika kumapeto n'kupeza masamba omaliza atathothoka, nkhani itafika pamene mkamwini waitanidwa kubwalo kwa amfumu. Ndikanakonda akanamalemba pachikuto kuti buku ili ndi loperewera, kuti wobwereka asankhe akudziwa. Nthawi yotsekera nayo ndi yovuta kwa ife ochokera kutali, chifukwa amatseka 5 koloko, m'kanyumbamo mulibe magetsi, ndipo madzulo mzere wa magalimoto pa msewu wa M1 umatichedwetsa. Kawiri konse ndafika atakhoma kale, n'kulipira chindapusa cha tsiku limodzi mawa lake, pakuti pa chindapusa Aphunzitsi sanyengerera munthu.

Chinanso chosowa ndi mawu a alakatuli a masiku ano. Achinyamata amene timawamvera pa wailesi ndi kuwatsatira pa Facebook mulibemo ngakhale mmodzi, ndipo ndikumvetsa kuti ambiri mwa iwo ntchito zawo amajambula mawu osati kusindikiza, komabe wophunzira wongodalira shelefu imeneyi angaganize kuti ndakatulo za Chichewa zinatha ndi agogo ake. Mabuku a maphunziro a ku koleji nawonso musawayembekezere kuno. Amenewo ine ndimakawafuna ku National Library ku City Centre kapena ku laibulale ya kusukulu kwathu.

Amene akufuna kuyesako apite Loweruka masana, atenge chiphaso cha kusukulu, ndipo nyengo ya mvula asaiwale chikwama chosalowa madzi, chifukwa buku likanyowa m'manja mwako umalipira. Asanachoke pa tebulo atsegule tsamba lomaliza aone ngati lilipo. Aphunzitsi amalandiranso mabuku a Chichewa amene angogona m'masutikesi kunyumba, ndipo wobweretsa limodzi labwinobwino amamukhululukira malipiro a mwezi umenewo. Azakhali anga apeza awiri pansi pa bedi, lina la miyambi lina la nthano, ndipo ndawapukuta fumbi kuti ndikapereke Loweruka likubwerali polipira mwezi wanga wachisanu ndi chitatu.