Ndemanga pa garaja yomwe imakonza makina athu akale okololera soya ku Mchinji

Ndagwira ntchito ndi garaja ina ya ku Lilongwe kwa nyengo zokolola zitatu tsopano, ndipo ndikulemba izi kuti alimi anzanga omwe ali ndi makina okalamba adziwe zoyenera kuyembekezera asanapereke ndalama zawo. Famu yathu ili cha ku Mkanda m'boma la Mchinji. Chimanga timakolola ndi manja, koma soya timamudula ndi makina a Claas Dominator opangidwa ku Germany m'zaka za m'ma 1980, omwe tidagula ogwiritsidwa kale ntchito kwa mlimi wina wa ku Mkushi m'dziko la Zambia. Injini yake ya Perkins idakali yamphamvu, koma zipangizo zina zonse zomwe zimazungulira, kugwedezeka kapena kudula zimatha chaka ndi chaka, monga momwe zimakhalira ndi makina alionse omwe agwira ntchito zaka zoposa 35.

Chimene chidandikopa ndi mmene makaniko wamkulu wa garajayi amayendera makinawo. Ndi bambo wachikulire yemwe adagwirapo ntchito m'maesiteti a fodya ku Kasungu, ndipo sathamangira kumasula chinthu asanachimve. Tsiku loyamba adaliza makina kwa mphindi ngati 20, adazimitsa, kenaka adayenda mozungulira akugwira ndi chikhatho malo alionse pomwe pali beyaring'i. Atafika kumbuyo adaima, nandiitana kuti ndigwire nanenso, ndipo chitsulocho chinali chotentha ngati poto wochoka pamoto. Adandiuza kuti beyaring'i yotere ikagwira mankhusu ouma a soya m'munda, moto umabuka musanazindikire. Kuchokera tsiku limenelo woyendetsa wathu amachita zomwezo madzulo alionse, ndiponso amachotsa mankhusu pa rediyeta kawiri patsiku.

Pa nkhani yopeza masipeya ndi pomwe luso lawo lidationjezera phindu. Iwo adandiphunzitsa kuti zipangizo zambiri sizifunika kuitanitsa kunja. Mabeyaring'i ambiri ali ndi nambala zodziwika dziko lonse, monga 6205 ndi 6206, zolembedwa m'mbali mwa chitsulocho, ndipo mukapita nayo yakaleyo m'mashopu a ku Lilongwe kapena kuwoloka boda ya Mwami kupita ku Chipata, mumaipeza pa mtengo wabwino. Malamba ang'onoang'ono amawayeza m'litali ndi m'lifupi n'kupeza ofanana nawo. Zosefera oyilo ndi dizilo sizivuta chifukwa mathirakitala ambiri a Massey Ferguson omwe ali m'dziko muno amayendera injini za Perkins. Chomwe chidandidabwitsa kwambiri ndi timatabwa tomwe timanyamula zogwedeza mapesi kumbuyo kwa makina. Sindinkadziwa kuti m'kati mwa chitsulo chonsecho muli zipangizo zamtengo. Timatabwato titatha, makanikoyo adapita ndi kamodzi kwa kalipentala wa pa Kamwendo, yemwe adasema tina kuchokera ku mtengo wa muwanga. Adativiika mu oyilo kwa masiku angapo asanatimange, ndipo timatabwato tagwira ntchito nyengo ziwiri osadandaulitsa.

Komabe sindingabise chimene chidandipweteka mtima. Zitsulo zopunthira za pa ng'oma ya makina (chitsulo chozungulira chomwe chimapuntha mbewu) zidatha mano, moti soya wambiri ankatuluka kumbuyo adakali m'makoko, ndipo tikafinya ng'oma kuti apunthike, mbewu zinkasweka pakati. Zitsulo zimenezi sizisulidwa kuno, choncho garajayo idaitanitsa ku Johannesburg mu February 2024 ndipo idandilonjeza masabata awiri. Zidafika kumapeto kwa April. Ndikumvetsa kuti ndalama zakunja zikusowa m'dziko muno, komanso kuti mitengo idakwera kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo pa zimenezi sindiwaimba mlandu. Chomwe ndidakhumudwa nacho n'chakuti ku ofesi kwawo palibe amene adandiimbira foni kundiuza kuti katundu wachedwa, ndipo ndikaimba ndekha ankangoti akudikira galimoto mawa. Akadandiuza zoona, ndikadalemba aganyu nthawi idakalipo. Amene amalima soya akudziwa kuti akauma sadikira munthu. Masana dzuwa likatentha ndinkaima m'mphepete mwa munda ndikumva makoko akuthetheka, mbewu zikugwera pansi, ndipo pa mahekitala 12 omwe adakhwima koyamba tidataya zokolola zambiri.

Mitengo ya ntchito yawo si yotsika, makamaka chifukwa amalipiritsa mafuta ochokera ku Lilongwe, koma amalemba chilichonse pa lisiti ndipo chipangizo chilichonse chomwe achotsa amakusiyirani kuti muchione.

Ndipitiriza kugwira nawo ntchito ndipo ndikuwavomereza kwa aliyense wa ku Mchinji kapena ku Kasungu amene ali ndi makina akale otere, bola zipangizo zochokera kunja muziitanitsa nokha kapena muziwakakamiza kulemba tsiku papepala. Chaka chino ndawaitana mu August, makina atatsukidwa ndi kusungidwa m'shedi kuti makoswe asadye mawaya, ndipo tcheni chokweza mbewu, mano a mpeni ndi lamba wamkulu wa ng'oma taziitanitsa kale mvula isanagwe.